Buku Lomwe Morton Sanawerenge

Panali munthu wina ku Chinakanaka dzina lake Morton, kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Iyeyu anali m'gulu la anthu asanu ndi awiri okonda kuwerenga mabuku. Ankakumana Loweruka masana pakhonde la sitolo ya Najma, mtsikana wogulitsa zitenje. Buku linkakhala limodzi, ankangobwerekana.

Mwezi umenewo ankawerenga buku la nkhani yamakedzana, ya banja lina lomwe linabisa chinsinsi. Morton analisunga sabata yonse osalitsegula.

"Bambo a Sekani, werengani bukulo, mukachita manyazi," anatero mkazi wake Cathy.

"Ine ndinafika Fomu 4. Ndikangoona chikuto ndadziwa zonse," anayankha Morton.

Lachisanu akuchokera ku Limbuli pa minibasi, anakhala pafupi ndi bambo wina wa imvi, wonyamula thumba la nyemba. Bamboyo anayang'ana bukulo.

"Achimwene, limenelo ndikulidziwa bwino."

Morton anasangalala. Anamugulira chimanga chootcha, n'kunena kuti, "Tandiuzeni zonse mwachidule."

Bamboyo anafotokoza kuti mu 1986 ana awiri anathawa nkhondo ku Milange, mnyamata Felix ndi mlongo wake Sabina wa zaka zisanu ndi chimodzi. Sabinayo anali ndi chipsera cha moto kudzanja lamanzere. Atafika pamsika wa Limbuli anasochererana m'chipwirikiti cha anthu, ndipo mpaka lero Felix akumufunafunabe.

Loweruka Morton anayamba ndiye kuimirira, n'kufotokoza zonsezo monyadira, manja ali m'thumba. Anzake anaphulika kuseka.

"Nkhondo yake iti?" anafunsa aphunzitsi a Wilson akupukuta misozi. "Bukuli likunena za nthawi ya thangata! Mulibe Felix, mulibe Sabina. Mwawerenga buku lanji, a Morton?"

Morton anafuna pansi patang'ambika alowemo. Anaulula kuti anamva kwa mlendo m'minibasi.

Koma Najma sanaseke. Anasendera pafupi ndi Morton.

"Mwati chipsera kudzanja lamanzere? Amayi anga ali nacho. Atadwala kwambiri chaka chatha anandiuza kuti agogo anawatola pamsika wa Limbuli, n'kuwapatsa dzina loti Aminah. Anawaletsa kuuza munthu, kuopa kuti angawabweze kunkhondo. Bamboyo ali kuti?"

Morton sanafunse dzina, sanatengenso nambala ya foni. Anangokumbukira thumba la nyemba lija.

M'mawa mwake gulu lonse linakwera minibasi limodzi ndi mayi Aminah kupita kumsika wa Limbuli. Anazungulira mzere wa ogulitsa nyemba kawiri. Kachitatu Morton anakuwa, "Ndi awo, ovala chipewa chofiira!"

Mayi Aminah anangotambasula dzanja lamanzere. Bamboyo anagwetsa mbale yoyezera nyemba.

"Sabina!"

Anakumbatirana n'kulira. Mayi Aminah anayamba kulankhula Chilomwe chomwe Najma sanawamvepo akulankhula chibadwire. Amayi apamsika analuluta, a kabaza anaimba mabelu, ndipo Najma ankangoti, "Alhamdulillah, ndili ndi amalume!"

Zinthu zitazizira, Morton anafunsa, "Nanga a Felix, munandinamiziranji kuti bukulo mukulidziwa?"

Felix anaseka. "Achimwene, ine kuwerenga sindidziwa n'komwe. Zaka pafupifupi makumi anayi ndakhala ndikuuza anthu nkhani yanga, onse amatopa pakati. Koma nditakuonani ndinadziwa kuti munthu waulesi wofuna kubera amvetsera mpaka kumapeto."

Msika wonse unaseka. Sabata yotsatira kwa Najma anapha mbuzi, anaphika mpunga, ndipo abale ochokera ku Milange anabwera panjinga khumi ndi ziwiri. Morton anadya nawo, koma gulu silinamusiye. Linamulamula kuwerenga buku lonse mokweza pakhonde paja, Loweruka atatu otsatizana, Felix atakhala kutsogolo kumvetsera, Cathy akumuwongolera akaphonya mawu.

Phunziro: Osadzitama ndi ntchito yomwe simunagwire, ndipo mkazi wanu akakulangizani mumvere. Morton anachita mwayi kuti bodza lake linabala chimwemwe, lanu likhoza kungobala manyazi. Komanso funsani makolo anu komwe anachokera akadali moyo, ndipo munthu akamafotokoza zake, mumvetsereni mpaka amalize. Tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse, mwina pali Felix wina yemwe akufunafunabe mlongo wake.