Tsiku Limene Miriamu Anavulidwa Mkanjo

"Miriamu, wandibera mwana! Imirira anthu akuone!"

Anali Madzibaba Laison, mneneri wa mpingo wa apositoli umene unkapemphera pathanthwe, kumtunda kwa minda ya tiyi ku Honde. Ndodo yake inaloza pakati pa azimayi ovala zoyera. Miriamu anadzuka pang'onopang'ono. Mawondo ankamuwawa, poti sabata yonse anathyola tiyi pamtsetse, dengu lili kumsana.

"Mpingo uno sudziwa jakisoni, sudziwa piritsi," anapitiriza mneneriyo. "Ife timachira ndi madzi ndi pemphero. Koma mayi uyu watenga Natsai, mwana wanga wobereka ndekha, wamutumiza ku Harare kuti akaphunzire udokotala. Ukana?"

Miriamu sanakane. Akanakana chiyani? Zonse zinali zoona.

Munali mu 2007. M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Aphunzitsi anali atathawira ku Joni, koma Natsai anawerenga payekha mpaka kukhoza Fomu 6 moti sukulu yonse inagwira pakamwa. Kukhoza n'kwina, kulowa sukulu ya udokotala n'kwinanso. Miriamu ndiye anayenda naye wapansi mpaka ku Hauna kukajambulitsa zithunzi, n'kupeza magetsi azima, n'kubwerera, n'kupitanso. Ndiye anakagwada kwa sisitala wa pakiliniki kuti mtsikanayo aziona ntchito, ndiponso kuti amulembere mawu omuchitira umboni. Makombi onyamula anthu atasowa dizilo, anakwera naye lole ya nthochi kupita ku Mutare kukadinditsa mapepala. Iye mwini kuwerenga sankadziwa. Mapepalawo ankangowakulunga m'pulasitiki n'kuwasunga pachifuwa ngati mazira. Dzulo lake m'mawa anamukweza basi, poti ku Harare anali atamuitana kuti akamufunse mafunso.

"Chumba chimasirira ana a eni!" anakuwa Esitere, yemwe ankathyola naye tiyi mzere umodzi. "Shuwa, ukanabereka wako ukanadziwa kuwawa kwake!"

Ena anaseka.

Mwana analibedi. Mwamuna anapita ku Joni kalekale, osatumiza ngakhale moni. Bambo ake a Miriamu anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mulanje iye asanabadwe, ndipo za kumudziko Miriamu ankangodziwa dzina. Kuno chitupa chake chinkati ndi mlendo. Ku Malawi palibe akanamuzindikira. Abale ake anali anthu omwewa. Mayi ake atamwalira, iwowa ndiwo anasambitsa mtembo, kukumba manda, kuimba mpaka dothi lomaliza. Kunja kwa mpingowu Miriamu analibe munthu.

"Avule! Avule mkanjo!" anayamba achinyamata kumbuyo. Azimayi analandira. Posakhalitsa thanthwe lonse linali mawu amodzi.

Miriamu anayang'ana mneneri m'maso. Mneneri anazengereza, nayang'ana khamu lija, nayang'ananso ndodo yake.

"Vula," anatero. "Kuyambira lero palibe womupatsa moni, palibe wokapala moto kwake. Akadwala adwale yekha. Akafa, wathu asagwire khasu."

Miriamu anamasula mpango kumutu. Anavula mkanjo, naupinda bwinobwino monga ankachitira Sabata lililonse, nauika pamwala. Anatsala ndi diresi lofwifwa la kuntchito, pakati pa anthu oyera mbee. Esitere anatola mkanjowo ndi zala ziwiri ngati watola khoswe wakufa.

Ndiye anthu ake amenewo! Chakachi shuga atasowa, amene ankawagawira wake ndi supuni ndani? Ana awo akamatentha thupi, ankawabereka kumsana ndani kuti amayi awo akakwanitse mlingo wa tiyi pasikelo? Koma palibe anamuikira kumbuyo. Anaimba nyimbo yotsekera, natsika phiri mumzere, osacheuka ndi mmodzi yemwe.

Miriamu anakhala pansi. Nkhungu inayamba kutsika m'mapiri n'kuphimba mizere ya tiyi umodzi ndi umodzi. Kumusi, kukomboni, utsi unkafuka m'nyumba za anzake; yake yokha inali zii. Anaganiza za Natsai m'basi muja, nkhope itamatira pawindo, akufunsa kuti, "Mayi, akandifunsa kuti ndikufuniranji udokotala ndikati chiyani?" Anamuyankha kuti anene zoona basi. Anaganizanso za Lolemba: mzere womwewo, Esitere pambali pake, tsiku lonse popanda liwu.

Kenako anamva ndodo ikugogoda pamwala. Madzibaba Laison ankabwerera, ali yekha. Miriamu sanadzuke, sanagwade. Chinatsala n'chiyani choti amulande?

Mneneriyo anaima pafupi. Anacheuka kumanzere, kumanja, nanjuta pambali pake.

"Madzimai Miriamu," ananong'ona, "wakwera bwino? Jekete langa lija munamupatsa? Ku Harare kumazizira." Ataona maso ake anawonjezera msanga: "Musandiyang'ane choncho. Zayenda bwino. Palibe wadziwa kuti ndinakutumani ndine."

"Munati mungondidzudzula pang'ono, Baba," anatero Miriamu. "Wanu adzakhala dokotala, mpingo ukadali wanu. Nanga ine ndikafa andiika ndani? Musayang'ane pansi. Ndiyankheni!"