Bwana Womva Madandaulo

Mphepo analowa mu ofesi ya kampani yomwe ankaigwirira ntchito akutsimphina, chipewa cha panjinga chili kukhwapa. Dzinali anamupatsa anzake chifukwa cha liwiro, koma chigwereni pa njinga yamoto mwezi watha, ngakhale bakha akanamupitirira.

Zaka zonse zomwe wakhala akuperekera kampaniyi katundu m'makomo mwa anthu, iye anali asanaonepo nkhope ya bwana wake. Ntchito inkabwera pafoni, chidzudzulo pafoni. Atavulala, foniyo inangomufunira kuchira msanga, basi. Ndiye lero anati aonane ndi munthu wopuma mpweya.

Anamulozera chipinda cha magalasi. M'menemo anapezamo bambo wa imvi, wovala jekete lakuda ndi tayi, atakhala pampando wozungulira kuseri kwa tebulo lonyezimira.

"Khalani pansi, achimwene," anatero bamboyo. "Mwendowo bwanji?"

Mphepo sanazengereze, anakhuthula zonse za kukhosi.

"Tikagwa mumati ndife odzilemba tokha ntchito. Tikachedwa mumatilanga ngati antchito anu. Kodi ndife ndani? Kuchipatala ndadzionera ndekha. Tchuthi sindichidziwa. Penshoni ndimangoimva pawailesi. Akazi anga afika ponena kuti ndinawakwatira mitala ndi foniyi!"

Bamboyo ankangogwedeza mutu.

"Zoona zokhazokha," anatero. "Munthu si tayala loti likatha n'kulitaya kudzala."

Anamuthirira tiyi, shuga wosaumira. Nkhani ya ukalamba wopanda penshoni itafika pachimake, mkuluyo anavula mandala n'kupukuta m'maso.

Mtima wa Mphepo unakhala m'malo. Kani mabwana ena ali ndi umunthu! Anayamba kale kukonza momwe akafotokozere anzake pamthunzi pomwe amadikirira maoda: kuti analowa yekha, analankhula mosapsatira, mpaka mwini kampani anakhetsa msozi. Apa ndiye akamunyamula m'mwambamwamba, mwendo wothyokawo n'kuiwalika.

Anagugudiza tiyi uja, n'kuwongola kolala.

"Ndiye mutithandiza liti, bwana?"

Nthawi yomweyo foni ya bamboyo inalira. Anaisuzumira, n'kudzuka msangamsanga. Anavula jekete ndi tayi, n'kuzikoleka kuseri kwa chitseko.

"Bwana wake uti, achimwene? Ine amandiitana pafoni ngati inu nomwe, kudzamvetsera madandaulo, n'kumandilipira pa ola. Jeketeli avala mnzanga masana ano. Chonde, akakufunsani mukanene kuti ndakulandirani bwino, apo ayi mawa sandiitananso."