Dzenje Limene a Whiteson Sanakumbe

Panali munthu wina kwa Ndake, kufupi ndi Nyimba, dzina lake Whiteson Daka. Izi n'za nthawi ya Chitaganya, Chipata akali kutchedwa Fort Jameson. Amene anandiuza analumbila kuti n'zoona, ndipo ine sindinaonjezepo, kupatula pang'ono chabe.

A Whiteson sanali munthu woipa. Anali aja amene msana umawawa akaona khasu, n'kupola akamva ng'oma.

Akazi ao, a Anastazia, anali kuvutika m'mimba kuyambila pamene anabala mwana wao Doris. Chimene chinali kuwathandiza ndi munkoyo. Anali kuphika phala, likazizilako n'kuikamo mizu ya munkoyo yosasantha, n'kusefela m'chipanda kuti lisase. Akamwa, tsiku limenelo adya bwino.

Tsiku lina mizu inatha, ndipo maiyo analibe mphamvu zokwela phili.

"Awisi Doris, kandikumbileni mizu. Koma mukakumbe nokha, ndipo muyambe mwaona masamba. Kuli muzu wina wofanana nao, uja ndi wakupha."

"Anyina Doris, mukuphunzitsa ine? Ndinayamba kukumba munkoyo inu mukali kumbuyo kwa amai anu."

Ananyamula khasu. Koma m'malo molunjika kuphili, anakhotela kumseu waukulu, kumene anzao anali kusewela nsolo pamthunzi. Pamenepo panali mlendo amene anatsika lole ndi thumba.

"Bambo, khasu likupita kuti dzuwa lonseli?" anafunsa mlendoyo.

"Kukakumba munkoyo."

"Mudzivutitsilanji? Ndili nao, wosasantha kale. Wa ku Luembe uyu, wotsekemela ngati shuga."

"Nanga masamba ake ali kuti?"

"Kodi kwanu mumamwa masamba?"

Anzao anaseka mpaka kugwetsa nsolo. A Whiteson anachita manyazi, anapeleka fodya wao n'kulandila mizu. Anasewela mpaka dzuwa kupendeka. Pobwelela anadzipaka dothi m'maondo, analipakanso khasu, n'kulowa pakhomo akutsimphina.

"Munaona masamba?" anafunsa a Anastazia.

"Ndi maso anga awa. Taonani maondo."

Maiyo anawamvela chisoni, anawafunditsila madzi osamba.

Munkoyo utasasa, anatunga chikho choyamba n'kupatsa amuna ao. A Whiteson anayang'anamo. Mtundu wake sunawakondweletse, ndipo mau aja akuti "wakupha" anabwela m'mutu.

"Dzino likundiwawa. Yambani inu."

A Anastazia analawa. "Ukuwawa pang'ono."

"Ndi m'kamwa mwanu umo."

Anaimilila pomwepo, akuona akazi ao akumwa mpaka chikho kuuma.

Sipanapite nthawi, maiyo anayamba kusanza, thukuta lili kamukamu, miyendo yosagwila. Mlongo wao Jethro ndi anthu ena anawanyamula pa machila kupita nao kuchipatala cha mishoni. A Whiteson anali kulila kuposa onse panjila, ndipo anthu anati, "Koma munthuyu amakonda mkazi wake."

Mulungu anachita chifundo, maiyo sanafe. Anabwelako ataonda, akuyendela ndodo. Atakhala pansi anati:

"Awisi Doris, musadziimbe mlandu, aliyense amaphonya. Koma mailo mukandionetse dzenje limene munakumba, tikazule zotsala. Ana angakakumbepo."

Dzenje lake liti? M'mawa a Whiteson anathamangila kuphili kukakumba labodza. Atangopatuka panjila, m'munsi mwenimweni mwa phili, anapeza munkoyo weniweni utayanga, masamba ali biliwili. Sikunafunike ngakhale kukwela. Kumseu kuja kunali kutali kuposa pamenepo.

Anakumba pang'ono n'kukhala pansi. A Anastazia anawapeza choncho, atawatsata ndi ndodo yao. Anayang'ana masamba. Anatapa dothi n'kulifikisa m'manja.

"Dothi ili ndi la lelo. Ndipo muzu uyu ndi wabwino."

A Whiteson anaulula zonse: nsolo, mlendo, fodya, maondo.

"Za ulesi ndamva, ndinakwatiwa nao ndikuudziwa," anatelo maiyo. "Nanga dzino lija linapola?"



A Anastazia sanakalipe, sanauze Jethro, ndipo ukwati sunathe. A Whiteson analeka nsolo. Anakhala munthu wokumba mizu, kubwela nayo ndi masamba omwe, maondo ali ndi dothi lenileni. Maiyo anali kulandila ndi manja awili n'kuthokoza. Koma mpaka ukalamba wao, a Whiteson akawapatsa chakumwa chilichonse, ngakhale madzi a pachitsime, anali kuwabwezela chikho mwaulemu n'kunena chapansipansi:

"Yambani inu."

Phunzilo: Munkoyo ndi wabwino m'mimba, koma muzu umene simunaone masamba ake usalowe m'chipanda chanu, ngakhale wogulitsa akusekeni. Ndipo chimene inu mwaopa kumwa, musalole wokukhulupililani amwe. Nenani chikho chikali m'manja, manyazi sapha munthu. Musaisunge nkhaniyi, ipatsileni ena, makamaka aja amatumidwa kuphili n'kukathela pa nsolo.