Bondo Lamanzere

Belu lotseka chigawo chachiwiri litalira, Jaffalie anabwerera pakona pake akudzandira ngati munthu wongotsika kumene m'bwato. Diso lamanja linali litatupa, magazi akuchucha m'mphuno. A Macloud, kochi wake, anamukhazika pampando n'kumuthira madzi kumutu.

Loweruka masana amenewo holo ya pa boma pa Mangochi inadzaza mpaka m'mawindo. Anyamata a kabaza anasiya njinga panja, ogulitsa usipa anafunditsa mabenchi awo, onse kudzaona ndewu ya m'khola, ija amati MMA, momwe nkhonya, mateche ndi kugwetsana zonse n'zololedwa. Kholalo analiwotcherera ndi mmisiri wa mageti, ndipo kunena zoona linkaonekabe ngati geti.

Wopambana anali woti apite ku Lusaka kukamenya mu Disembala. Wogonja anali wobwerera kwawo, ndipo kwawo kwa Jaffalie kunali kukoka khoka ku Makawa mpaka msana kupindika.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi a Macloud, msilikali wopuma pantchito, ankamuphunzitsa masewera ogwetsana m'shedi ya chigayo chakufa, pa matiresi akale. Nyimbo yawo inali imodzimodzi. Wankhonya amalamula manja ake okha, wamateche miyendo yake yokha, koma wodziwa kugwetsa ndi amene amasankha kumene ndewu ichitikire, choimirira kapena pansi. Zina zonse umachita kumanga pamwamba pa zimenezo. Anthu ankawaseka kuti akuphunzitsa ana a eni kugubuduka m'fumbi, iwo osalabada.

Tsikuli nyimboyo inkakanika kuimbika. Duncan, mnyamata wamtali wochokera ku Blantyre, sankalola kuyandikiridwa. Jaffalie akati atsike agwire miyendo, ankakumana ndi chibakera, mnzakeyo ali kale uko. Anayesa kasanu, kasanu konseko anakumbatira mphepo. Zigawo ziwiri zinali zitapita kwa mlendo, ndipo ngakhale a kabaza, amene za mapointi sazitsata, anali atachepetsa phokoso.

"Kochi, akundimaliza uyu," anatero Jaffalie ali wefuwefu. "Ndiuzeni chochita."

A Macloud anali ndi mphindi imodzi yokha. Mantha analibe, chisoninso sankachimva. M'chifuwa munangochita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Chiyambire tsiku limene dzina la Duncan linatuluka pa pepala la okonza masewerawo, panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa, ndipo anali atalumbira mumtima kuti sachitchula. Ankafuna Jaffalie apambane ndi luso limene analikhetsera thukuta, osati ndi chilema cha mnzake. Koma anayang'ana zikhatho zong'ambika ndi zingwe za makoka zija, n'kuyang'ananso diso limodzi lotsalalo, limene linkawadikira ndi chikhulupiriro chonse. Munthuyu anawapatsa zaka zisanu ndi chimodzi osajomba, ngakhale mwezi wa Ramadani ankabwera m'mimba muli pululu.

"Bondo lamanzere," anatero motsitsa mawu. "Linaguluka kalekale, silinapole bwino. Akaponya theche lamanja, thupi lonse limatsamira pamenepo. Usathamangire miyendo yonse iwiri. Lowa pansi, gwira wamanzerewo, uukwezere pachifuwa, upotokere kunja."

Jaffalie sanafunse kuti adziwa bwanji. Aliyense ankadziwa kuti mkuluyu foni yake n'njoonera mavidiyo a ndewu basi, ukamuimbira sayankha.

Chigawo chachitatu sichinathe ngakhale mphindi. Duncan anabwera modzidalira, manja ali m'munsi, naponya theche lija. Jaffalie anazyolika, phewa lake n'kukafika pantchafu, manja okoka khoka aja n'kutseka kumbuyo kwa bondo. Ananyamula, napotoka. Panamveka kamphokoso ngati ka nthambi youma, ndipo Duncan anagwa chagada, osayesa n'komwe kudziteteza. Woyimbira ndewuyo anadumphira pakati pawo akukupiza manja.

Holo inasokonekera. Ena anakwera pamipando, ena ankamenya malata a pakhomo, mayi wina wa usipa anavula mpango n'kumauzunguza m'mwamba. Jaffalie anagwada, mphumi pansi, kenako anathamangira a Macloud n'kuwanyamula juu, akulira ngati mwana. Iwo anangomusisita pamutu. Ankaona milomo ya anthu ikuyasama, koma phokosolo linkawafika ngati likuchokera kutsidya kwa Shire.

Wolengeza masewera anawatosa ndi maikolofoni kukamwa kuti aulule chinsinsi. Anayankha zomwe zija za masiku onse, kuti maziko a ndewuyi ndi kugwetsana, kuti wosadziwa kulimbana pansi asalowe m'khola. Mawuwo ankatuluka okha, opanda mchere. Anthu amene ankawaseka dzana anawaombera m'manja.

Atamaliza anapinda thaulo lawo bwinobwino, naliika pampando, n'kudutsa pakati pa khola. Duncan anali atagonekedwa pa machira, a dokotala akumanga bondo limene linali litayamba kale kufufuma. A dokotalawo ankauza kochi wa ku Blantyre kuti asayembekezere zambiri, mwendo umenewu mwina sudzaponyanso theche. Kochiyo ataona a Macloud anaimirira kuti awatchinge, koma Duncan anati awasiye.

Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali, maso ali gwa, opanda msozi.

"Za bondoli ngakhale kochi wanga sindinamuuzepo. Ankadziwa ndi amayi, ndi inu amene munandibereka kumsana kupita nane kuchipatala," anatero. "Mwamuuza ndinu, adadi?"

A Macloud anavomera ndi mutu, nawerama n'kugwira mbali imodzi ya machira.