Malaya a Zionetsero

"Valani msanga, mlamu, atolankhani afika," anatero mkulu wa bungwe la ogwira ntchito, akumuponyera malaya ofiira.

Mlamu wakeyo, mayi wosoka zovala, anawawakha. Pachifuwa panalembedwa kuti PANGANO LA MALONDA LATIPHA. Fakitale yawo ya zovala inatsekedwa pangano lolowetsa katundu wakunja popanda msonkho litangosainidwa, ndipo makina onse anagulitsidwa kutsidya kwa nyanja. Tsopano ochotsedwa ntchito anali atasonkhana pageti lokhoma kuti ayambe kuguba.

Telala savala chovala asanachitembenuze. Mayiyo anayendetsa chala mumsoko wa m'khwapa, n'kuima. Ulusi unkalumpha, kusiya kampata, kenaka n'kupitiriza. Makina ake a kufakitale okha ndi amene ankatero, ndipo anakalamba akuwanyengerera ngati mwana wodwala.

"Alamu, malayawa mwawatenga kuti?"

"Kunja. Ngotchipa."

"Si ndinakugwadirani kuti mutipatse ifeyo tisoke? Ana a mng'ono wanu akugona ndi njala."

"Bungwe si tchalitchi, mlamu."

"Msoko uwu ndi wa makina anga."

Mkuluyo anasuzumira msokowo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mukudandaula chiyani? Makina anu anapeza ntchito. Mwatsalira ndinu."

Mayiyo anavala malayawo. Anamukhwepa ngati thumba. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso ake n'kuwala, ndipo anamukokera kutsogolo kwa wojambula.

"Imani apa," anamunong'oneza. "Mwaonda bwino. Chithunzi chikhala chogwira mtima."