Nyimbo Yosatha ya a Cristina

"Asinthe kapena asasinthe?" anafunsa a Vanda, eni loja, sitolo ya makompyuta ku Ulongwe, chala chili pa batani.

A Gaspar anayang'ana pa kompyutapo. Atawasudzula ku Lifidzi, abale a malemu akazi awo, a Cristina, anagawana zonse: nsalu, makasu, ngakhale mbewu ya kachewere. Iwo anachoka ndi kakhadi ka m'foni kokha, momwe munali nyimbo zimene a Cristina ankapeka popalira nyemba.

"Tikaziika pa intaneti, aliyense angazitenge ulere, bola atchule mwini wake," a Vanda anabwereza. "Koma mutha kuletsa kuti asasinthemo kanthu. Osankha ndinu, bambo."

"Tandiikirani yomalizayo."

A Cristina anaimba mizere itatu, n'kutsokomola, n'kuseka. "Ndimaliza mawa," anatero mawu awo. Kenako zii.

Kwa miyezi isanu ndi itatu a Gaspar akhala akuimvera okhaokha nyimboyi, ndipo imathera pomwepo basi. Iwo kuimba satha.

Anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Asinthe, mayi, koma dzina asachotse. Mwina kwinakwake kuli munthu woti aimalize. Ine mawa lawolo ndalidikira mokwanira."