Pijo ya Amon Sakala

Panali munthu wina ku Mushili, mu Ndola, dzina lake Amon Sakala. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mayi wa mumpingo mwawo. Tsiku limene inayamba, Amon ndi mkazi wake Febby anali kukweza mabuloko a simenti pa kapikapu kawo ka Toyota, dzuwa lili paliwombo, manja atachita ming'alu. Febby ndiye ankaumba mabulokowo, Amon nkumaperekera anthu omanga nyumba ku Kawama. Banja lonse linkadyera pa kagalimoto kameneko.

"Petulo wakweranso," anatero Amon. "Kamotoka aka kakumwa ngati wamgodi pa tsiku la malipiro."

"Kazimwa, bola kakunyamula. Gwirani uko, atate ake Dolly, anthu akudikira."

Amon sanabadwire mabuloko. Kale anali dalaivala wa mgodi ku Kitwe, ndipo ankayendetsa pikapu yoyera ya Peugeot 504, imene aliyense ankangoti Pijo. Masiku amenewo mgodi unkapereka nyumba, ufa ndi chipatala. Ngakhale babu likapsa, ankabwera a mgodi kudzasintha. Pijo ikangotsokomola, ankaisiya ku galaja ya mgodi m'mawa, masana nkuitenga ili myaa. Migodi itagulitsidwa ntchito inatha, ndipo ndalama zimene anamupatsa ndizo anagulira Toyota. Koma mtima wake unatsalira mu Pijo.

Tsiku lina analowa m'kanyumba ka intaneti m'tauni kukafufuza ntchito ya udalaivala. Ntchito sanaipeze. Anapeza chithunzi cha Pijo yoyera, pachitseko pakuonekabe pamene panali chizindikiro cha mgodi. Mwini wake, Collins wa ku Nkana West ku Kitwe, analemba kuti anachotsamo injini yakale nkuikamo yosamwa mafuta, ndipo anali wokonzeka kusinthana ndi galimoto ina.

Amon anafika kunyumba akumwetulira ngati wapeza m'bale wake wotayika, nauza Febby kuti akufuna kusinthanitsa Toyota ndi Pijoyo.

"Injini yosamwa mafuta ikoka mabuloko?" anafunsa Febby. "Ngati mwalimbikira, pitani ndi katundu. Mukamukweze m'menemo, muyende naye, mumve ndi makutu anu."

"Ndikalowe ku Nkana West ndi mabuloko? Amake Dolly, kuja ndi kwa mabwana. Ife sitinkalowako ngakhale ndi nsapato zafumbi."

"Mabwanawo anapita kalekale. Mwatsala ndinu nokha."

Amon sanamve. Loweruka anatsuka Toyota mpaka kuwala, anasita malaya ake a khaki a ku mgodi, nanyamuka wopanda katundu. Collins anamuchingamira pa geti la nyumba yaikulu, Pijo itaima pansi pa mtengo.

"Mwaiseni, takulandirani, ba mudala! Inu ndinu a mgodi, ndaonera kayendedwe. Motoka iyi inkadikira munthu ngati inu. Anyamata a lero sangaidziwe."

Amon atangokhala pampando, fungo lake linali lomwe lija. Anayenda pang'onopang'ono m'misewu imene ankaidziwa ngati m'nyumba mwake. Anadutsa pa nyumba ya bwana amene ankamupatsa nkhuku pa Khirisimasi. Anadutsa pa kalabu pamene ankadikira mabwana akumvera nyimbo ali panja. Mipanda inali itagwa, msewu uli maenjemaenje, koma iye sankaona zimenezo. Pijo yopanda katundu inkangoyandama. Anatsegula kutsogolo, naona injini yaing'ono yotsukidwa bwino, natseka. Iye ndi Collins anasinthana makiyi ndi mapepala pomwepo.

Lolemba anakweza mabuloko. Febby anamuthandiza. Asanafike ku Kawama, pa kachitunda kamene Toyota inkakwera osadandaula, Pijo inalira, inafuka utsi, nizima.

Makaniko amene anabwera anangosuzumira kamodzi.

"Ba tata, injini iyi ndi ya kamotoka kotengera ana kusukulu. Anangoiwotcherera kuti ikhale. Yapsa yonse. Munayesa ndi katundu musanatenge?"

Amon anatulutsa foni kuti aimbire Collins.

Foni ya Collins sinalirenso. Amon anakwera basi kubwerera ku Nkana West, ndipo pa geti paja panatuluka mayi wina.

"Collins? Sitimudziwa. Anangopempha kuti aimike motoka pamthunzi."

Anthu ena anamuuza kuti Toyota yotero imakhala itawoloka kale malire a Congo. Apolisi analemba nkhaniyo, koma galimoto sinapezeke.

Amon anali ndi chiyembekezo chimodzi. Ali ku Kitwe komweko, anayenda wapansi mpaka ku galaja yakale ya mgodi, akuganiza kuti mwina wina wa anzake akadalipo, mwina pali injini ya Pijo yotsala pakona. Anapeza malata atasasulidwa, udzu utamera m'dzenje limene amakaniko ankalowamo. Apo mpamene anazindikira kuti Pijo sinkafa chifukwa mgodi unkaidzutsa mlungu uliwonse, ndipo mgodi umenewo kunalibenso.

Omanga nyumba sanadikire, anapita kwa ena okhala ndi galimoto. Febby anayesa wilibala mpaka msana unakana, kenako anagulitsa chikombole chake nayamba kukazinga zitumbuwa pamsika. Amon anapeza ntchito ya ulonda pa kampani ina ku Kitwe, ndipo amabwera kunyumba pakutha pa mwezi. Munthu amene anayendetsa galimoto moyo wake wonse, lero amaima padzuwa kutsegulira geti magalimoto a anthu ena.

Phunziro: Galimoto ya ntchito muziiyesa ndi ntchito yake, osati ndi chithunzi kapena ndi zimene mukukumbuka. Zakale zinali zabwino, inde, koma sizidyetsa ana lero. Ndipo amene mumasenza naye katundu akakuchenjezani, mverani. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka azibambo athu amene mitima yawo ikadali ku mgodi.